Musanavomere zopita ku Joni pa viza ya kampani, imvani izi achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kampani yomwe mwagwirako ntchito zaka 5 ku Blantyre ikufuna kukutumizani ku nthambi yake ya ku Johannesburg, a HR, oona za antchito pakampanipo, akuti mapepala onse akonza okha, ndipo inu mukufunsa ngati alamu asiye ntchito yawo ya unamwino, mugulitse puloti, musamuke banja lonse. Ine ndinapita ku Joni mwa njira yomweyi, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Pitani, mwayiwo ndi weniweni. Koma puloti isagulitsidwe, ndipo alamu asalembe kalata yosiya ntchito musanamvetse mtundu wa viza yomwe akukukonzeraniyo.

Dzina lake ndi Intra-Company Transfer Work Visa, ambiri amangoti ICT. Ili mu gawo 19(5) la lamulo la South Africa loona za olowa ndi otuluka m'dziko la chaka cha 2002. Kale inkakhala ya zaka 2, koma kuchokera mu 2014 imafika zaka 4. Makampani amaikonda chifukwa siwavutitsa. Pa viza wamba ya ntchito, mpaka mu 2024 olemba ntchito ankayenera kuonetsa kuti anafunafuna mwini dziko woti agwire ntchitoyo koma sanamupeze. Pa ICT zimenezo kulibe, chifukwa boma limakuonani ngati wantchito wa kampani ya ku Malawi amene wangobwerekedwa. Mawu akuti kubwerekedwawa muwasunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

Zaka 4 zikakwana, viza imeneyi saiwonjezera masiku. Komanso zaka zomwe mwakhala pa ICT siziwerengedwa pa zaka 5 zimene munthu wa viza ya ntchito amayenera kukwanitsa kuti apemphe chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Ndipo pakati pa mapepala omwe kampani idzapereke pali pulani yosonyeza mmene mudzaphunzitsire luso lanu kwa nzika ya South Africa kapena munthu wokhazikika kumeneko. Kunena kwina, tsiku lomwe mukuyamba ntchito, boma likudziwa kale kuti pali wina amene adzatsale pampando wanu inu mukamabwerera. Agogo athu ankapita ku migodi pa Wenela akudziwa kuti kontrakiti ikatha abwerera ndi sutukesi, njinga ndi bulangeti. Inu mupita pa ndege kuchokera ku Chileka, mukakhala mu ofesi ya ku Sandton, koma pa nkhani yobwerera simukusiyana nawo.

Tsiku lomwe ndinalandira pasipoti yanga ndinakhala m'galimoto n'kuwerenga kachikalata komwe anamata mkatimo. Pansi pa dzina langa panali dzina la kampani ndi udindo wanga, zolembedwa ngati malire. Kampani ina ikakukopani ndi malipiro okwera, simungangosamukira kumeneko ndi pepala lomwelo. Mukayambana ndi bwana n'kusiya ntchito, kapena nthambiyo ikachepetsa antchito, kampani imayenera kudziwitsa a Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka ku South Africa, kuti simulinso nawo, ndipo maziko okhalira m'dzikomo amakhala atha. N'chifukwa chake ndikuti chinthu chofunika kumenyera panopa, muli ku Malawi konkuno, ndi kontrakiti.

Ine apa ndi pamene ndinalakwitsa. Bwana wanga wa nthawiyo anandiuza pakamwa kuti malo anga adzandidikira. Pomwe ndinkabwerera, bwanayo anali atachoka, mpando wanga uli ndi mwini wake, ndipo ndinatha miyezi ndikungopatsidwa tintchito tapatalipatali. Palibe amene anandichitira nkhanza, koma panalibe cholembedwa. Ndiye inu auzeni alembe: mukadzabwerako mudzagwira ntchito yanji, pa giredi iti, ndipo zaka za ku Joni zidzawerengedwa pa zaka zanu za pakampani kapena ayi. Alembenso kuti ntchito ikatha zaka 4 zisanakwane, matikiti a banja lonse ndi zonyamulira katundu alipira ndani.

Za penshoni musaiwale. Kuno kwathu olemba ntchito amaika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Funsani ngati ndalama zimenezi zipitirire kulowa pomwe muli kunja, chifukwa zaka 4 zopanda kanthu mu penshoni mudzazimva mutakalamba. Za msonkho nazo funsani: malipiro a ntchito yogwiridwa ku South Africa a SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, amawadula, ndipo msonkho wawo umakwera mpaka 45 peresenti kwa olandira zambiri. Malipiro akatchulidwa mu ma rand, n'kuwasintha m'mutu kupita mu makwacha, mtima umadumpha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apempheni akuwerengereni yotsala m'manja akachotsa msonkho, kenako inu muchotsepo lendi, medical aid, fizi ya ana ndi galimoto, popeza ku Johannesburg kukhala opanda galimoto uli ndi ana n'kovuta. Ngati kampani ikulipira nyumba ndi sukulu, zilembedwe.

Tsopano za alamu, zomwe kwa ine ndi zazikulu kuposa zonse. Mkazi kapena mwamuna wotsagana ndi mwini ICT amapatsidwa viza ya mlendo yoperekeza, ndipo viza imeneyo simulola kugwira ntchito. Akazi anga anali mphunzitsi. Miyezi yoyamba zinkaoneka ngati tchuthi. Itafika June, kuzizira kwa ku Joni kuja, ndinkabwera madzulo n'kuwapeza atakhala pafupi ndi hita atafunda chitenje pamwamba pa juzi, akuyang'ana pafoni zithunzi za ana a kalasi yawo zomwe aphunzitsi anzawo ankatumiza. Munthu wozolowera kudzuka m'mamawa, kulandira yakeyake pakutha pa mwezi, kutumizako kangachepe kwa makolo ake osapempha kwa aliyense, kumukhazika m'nyumba ya mpanda wa magetsi tsiku lonse si nkhani yaing'ono. Alamu ndi namwino, ndiye kuti adzagwire ntchito kumeneko ayenera kulembetsa ku South African Nursing Council ndi kupeza viza yawoyawo ya ntchito, ndipo zimenezi sizichitika msanga. Langizo langa: afunse kaye kuntchito kwawo ngati angapatsidwe tchuthi chosalipidwa. Zikakanika, inu tsogolani miyezi ingapo, muone mmene zinthu zilili, iwo akubwera kudzacheza. Chigamulo chosiya ntchito chikhale chawo, atamva zonsezi, osati mongowauza kuti tikusamuka.

Ana a sukulu amafunika viza ya maphunziro aliyense, ndipo pamafunika kalata ya sukulu yowalandira ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa. Kumbukiraninso kuti kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu January pomwe kwathu chimayamba mu September. Ngati muli ndi mwana yemwe watsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8 kapena MSCE, muganizire bwino musanamuzule.

Mapepala enawo ndi osavuta, amangofuna kuyamba msanga. Kontrakiti yanu ya ku Malawi, kalata ya kampani ya kuno yotsimikiza kuti akukutumizani, kalata ya nthambi ya ku Joni yonena ntchito yomwe mukagwire, kalata ya dokotala, ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Za miyezi 6 yomwe munthu amayenera kukhala atagwira pakampani, inu mwadutsa kalekale. Zomwe zimachedwetsa anthu ambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi satifiketi ya ukwati: ngati munangochita chinkhoswe, akazembe sadziwa ankhoswe, amafuna pepala, ndiye kalembetseni ukwatiwo ndipo mutengenso ziphaso zakubadwa za ana ku NRB. Chachiwiri ndi pasipoti. Ngati yatsala ndi zaka 2, musayembekezere kuti akumatirani viza yopitirira masiku a pasipotiyo. Yambani mwakonza pasipoti.

Ndaona m'bale wina wakuyankhani kuti mungopita pa masiku 30 omwe Amalawi timaloledwa kulowa popanda viza, mapepala mukakonzere komweko. Chonde musatero, ngakhale bwana wa ku Joni atakukakamizani kuti ntchito ikudikira. Masiku 30 amenewo ndi a mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito kapena kusintha viza yake kukhala ya ntchito ali m'dzikomo. Pempho lanu likaperekedwe muli kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo munyamuke viza ili kale mu pasipoti. Kupitiriza masiku nako n'koopsa: kuchokera mu 2014, wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitirira kuposa pamenepo zaka 5. Chidindo chimenecho amakudindirani potuluka, pa bwalo la ndege la OR Tambo kapena pa chipata cha Beitbridge, ndipo ntchito yomwe munapitira imathera pomwepo.

Ngati mumtima mukudziwa kuti cholinga chanu n'kukhazikika ku South Africa, ICT yokha sikufikitsani. Njira ina ndi Critical Skills Work Visa, ya anthu omwe ntchito yawo ili pa mndandanda wa maluso osowa m'dzikomo. Imafuna kuti a SAQA, bungwe la kumeneko loona za ziphaso za maphunziro, aunike masatifiketi anu komanso mulembetse ku bungwe la akatswiri a ntchito yanu. Funsani a HR lero ngati ntchito yanu ili pa mndandandawo, chifukwa ngati ilipo, n'kutheka kupempha imeneyo poyambirira. Ngati kampani ikukakamira ICT, za SAQA muziyambe chaka choyamba, osadikira chachinayi.

Puloti ija musiye. Mukayamba kulandira, muzitumiza ya simenti ndi malata pang'onopang'ono, mupeze m'bale wokhulupirika woyang'anira. Ndipo kontrakiti ikafika musasaine tsiku lomwelo, itengereni kunyumba, muwerenge ndi alamu tsamba ndi tsamba, pomwe pakusowa za kubwerera mulembepo ndi pensulo, mubweze kwa a HR.