Kodi ndi mbewa zatimana mwana?

Funso: Tatha zaka 6 pabanja opanda mphatso, ndipo nthawi yonseyi achibale ankaloza ine chala. Amuna anga atakayezetsa, adokotala anati mbewu ilipo koma michira yake ndi yaifupi, ina yopindika, moti siyenda. Anatinso vutoli amalifufuzira pa mbewa. Apongozi atamva zimenezi akuti chalakwa ndi mbewa zimene mwana wawo amadya. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Mayi, mbewa zilibe mlandu. Agogo anga ku Katete ankazikumba chilimwe chilichonse, n'kumadyera nsima, koma anabereka ana 9.

Adokotala ankanena mbewa zoweta za mu labu. Akatswiri amazikonda chifukwa bere lake limatenga masabata atatu okha, choncho zotsatira sizichedwa.

Mbewu ya abambo imaoneka ngati mbululu, mutu ndi mchira. M'kati mwa mchiramo muli timitsitsi tiwiritiwiri 9 tozungulira tiwiri tapakati, ndipo timakokana kuti mchira uzipalasa. Malangizo omangira zonsezi ali m'majini. (Sindikunena majini a kwa sing'anga ayi, koma zachibadwa zimene timatengera kwa makolo.) Mu 2014 ofufuza anapeza jini ya DNAH1 yowonongeka mwa amuna ena a kumpoto kwa Africa omwe mbewu yawo inali ndi michira yaifupi, yopindika, kapena inalibiretu mchira. Mu 2017 ku China anapezanso majini ena awiri, CFAP43 ndi CFAP44. Pofuna kutsimikiza, anawononga dala majini awiriwa mu mbewa, ndipo mbewa zamphongo zinatuluka zosabereka, michira ya mbewu yake yopunduka chimodzimodzi.

Apa ndiye pamene apongozi anu ayenera kumvetsera bwino. Nthawi zambiri mwamuna amakhala ndi vutoli akalandira jini yowonongeka kwa bambo ndi kwa mayi omwe, iwo eni ali bwinobwino osadziwa kanthu. Palibe wolodza, palibenso wolakwa. Amuna anunso sanagwe m'papaya: mphamvu za kuchipinda ndi nkhani ina, kusambira kwa mbewu ndi inanso. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona bambo akutha ndalama ndi gondolosi. Muzu sungawongole mchira.

Komabe musagamule ndi kuyeza kumodzi. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, ndipo kutentha thupi, monga kwa malungo, kumatha kuisokoneza kwa kanthawi. Akayezetsenso pakapita miyezi itatu. Ngati amadwaladwala chifuwa ndi chimfine chosatha kuyambira ali mwana, auze adokotala, poti timaubweya ta m'njira ya mpweya tinapangidwa mofanana ndi mchirawu.

Zikadzatuluka chimodzimodzi, pali njira yotchedwa ICSI, imene inayamba ku Brussels, m'dziko la Belgium, mu 1992: amatenga mbewu imodzi n'kuibayira m'dzira la mayi, kusambira osafunikanso. Ndi yodula, sindikubisirani, ndipo si onse amene imawayendera. Funsani ku Chipata Central Hospital akuuzeni kokaonana ndi akatswiri, ndipo tsiku limenelo mupite nonse awiri.