Mutu wa sitima wa agogo anu uja mwina ena akuphikirapo nsima

Wina wandilembera imelo, akuti agogo ake ankasonkha moto m'sitima ya malasha ija inkafika kuno ku Salima, ali ndi chithunzi chimodzi chokha ndiye akufuna adziwe kuti mutu umenewo unathera kuti. Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga ndili pa kabaza ku Kamuzu Road mpaka ndinapitirira potsikira.

Chifukwa nanenso agogo anga aamuna anali a njanji. Sanali dalaivala ayi, ntchito yawo inali yomwetsa sitima madzi pa siteshoni, paja mitu ya nthunzi ija popanda madzi sinkasuntha olo pang'ono. Njanji inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwecho chimene anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, ndipo kwa zaka zoposa 40 inkathera pompano, ya ku Lilongwe ija yabwera mu 1979 ndi thandizo la Canada. Agogo ankanyada nazo zimenezi ngati njanjiyo anayala okha. Akamwa tiyi ankatiuza mmene fodya ndi thonje zinkapitira ku Beira, mmene katundu wa panyanja ankatsikira pa Chipoka, kenako nkuyamba kuyerekeza kulira kwa sitima pakamwa, ife ana kugwa ndi phwete.

Anatisiyira fosholo ya malasha, yaitali, chogwirira chake chakuda bii ndi thukuta. Tsiku lina ndikuchokera ku Blantyre ndinangopeza pakona pali mbee, msuweni wanga anagulitsa kwa anyamata ogula zitsulo aja amayenda ndi sikelo panjinga. Pa kilo abale! Mpaka lero tikakumana pamaliro timangopatsana moni basi.

Ndiye ndinene mosapsatira, ife Amalawi zakale sitisunga. Chitsulo chikangosiya ntchito timaonapo mbaula, makasu ndi mageti. Dizilo itabwera mitu yambiri ya nthunzi inadulidwa, ndipo musanamizidwe kuti pali shedi ina yobisika kumene yonse ikudikira. Komanso sindingamunene kwambiri msuweni uja, mbiri sudya, ana akamalira njala fosholo ya agogo imasanduka ufa. Zimandipwetekabe.

Yomwe inapulumuka ndi ngati Thistle ndi Shamrock, timitu tating'ono toyambirira ta Shire Highlands Railway, njanji ija inafika ku Blantyre mu 1908, topangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England. Thistle anamuika pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ku Chichiri Museum. Nditamuona Shamrock koyamba ndinadabwa kuchepa kwake, m'mutu mwanga munali chilombo chija agogo ankafotokoza.

Tsono inu mutani?

Tengani chithunzicho muchijambule ndi foni, muchikulitse, mufufuze nambala pambali pa kanyumba ka dalaivala kapena kutsogolo. Popanda nambala mungotopa ulele. Mukaipeza pitani nayo ku Limbe mukafunse madala opuma ntchito a njanji, iwowa amadziwa mitu ngati mbuzi za m'khola mwawo, kenako ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Ndipo chithunzicho musachipereke kwa msuweni aliyense, munditumizireko kope ndione ngati kumbuyoko kukuoneka thanki ya madzi ya agogo anga.