Kwa dila kapena kwa makaniko wa ku Biwi? Ndikuyankha achemwali a Sienta

Achemwali ena andilembera imelo. Agula Toyota Sienta ya ku Japan, yadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ndiye akufunsa ngati sevisi azikachitira kukampani ya dila kapena kwa makaniko wamba. Amuna awo akuti kukampani, anzawo a kuntchito akuti ku Biwi, dera la ku Lilongwe kuja kuli magalaja ambiri.

Achemwali, mwandigwira pabala. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo yandikumbutsa masiku amene ndinkasowa tulo chifukwa cha Vitz yanga.

Galimotoyo ndinaigula ndi ngongole. Itangotha miyezi inayi inayamba kuti gu! pansi ndikamanyamuka pa roboti, chiwongolero chikunjenjemera. Poti ndinali mlendo pa za galimoto, ndinathamangira kukampani ina yaikulu mumzinda. Anandilandira bwino ndithu, mpando wofewa, tiyi, mnyamata wa yunifomu akulemba zonse pakompyuta. Koma munthu amene anagwira galimoto yangayo sindinamuone ngakhale nkhope. Madzulo anandipatsa pepala: giyabokosi yonse isinthidwe, mtengo wake woposa theka la ndalama imene ndinagulira galimoto, ndipo ndidikire miyezi kuti sipeya ibwere. Ndinakhala m'galimoto panja pa geti lawo nthawi yaitali, ndikuganiza za fizi ya ana.

Aneba anga ndiwo ananditengera kwa bambo ena achikulire a galaja ya malata. Bambowo sanayambe n'kutsegula boneti. Anati, "Tiyeni tiyende kaye, muzimitse wailesi." Tinazungulira, iwo ali chete, khutu lili pansi. Titabwerera anandiuza kuti ndiponde buleki, ndiike pa D, kenako pa R, iwo akuyang'ana injini. Anandiitana ndidzaone ndekha mmene injini inkadumphira. Labala wa mounting, chogwirira injini kuti isamagwedezeke, anali atang'ambika. Anasintha, anachotsanso mafuta a giyabokosi amene anali atada bii, ndipo tsiku lomwelo ndinapita kunyumba. Giyabokosi ija ikuyendabe mpaka lero.

Poyamba ndinkati a kukampani aja anafuna kundibera. Pano sinditero. Iwo anaphunzitsidwa galimoto zimene amagulitsa zatsopano, ma Hilux ndi ma Land Cruiser a boma ndi mabungwe, ndipo njira yawo ndi kuchotsa chinthu chonse n'kuika chatsopano. Kagalimoto kamene kanapangidwira msika wa ku Japan, kazaka khumi, si kawo kwenikweni. Koma ine ndi inu timayendera zimenezo. Ndiye ndinena mosabisa: pa galimoto ya ex-Japan, makaniko wabwino wapayekha amaposa dila, ndipo amamuposa kutali. Ma Sienta, ma Passo ndi ma Probox amawagwira tsiku lililonse. Amadziwa zimene maenje a mu M1 amachita ku ma shock ndi mabushi, ndiponso kuti fumbi la mu Okutobala limatseka fyuluta ya mpweya nthawi isanakwane.

Komanso amakonza, samangosintha. Alternator, ija imatchaja batire, ikafa, amaitsegula n'kuika mabulashi atsopano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inalumpha, ndipo anthu ambiri tikanaimika galimoto pakhomo pakadapanda manja otere. Zimandipweteka kuona anthu akuwanyoza amisiri amenewa chifukwa cha ovolosi yakuda, pamene ena ali ndi mapepala a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, enanso anaphunzira kukampani komweko asanatsegule zawo. Bambo a galaja ya malata aja ali ndi anyamata atatu amene akuwaphunzitsa, mmodzi ndi mwana wamasiye. Ndalama imene ndimalipira ndimaiona kumene ikupita.

Musandimve molakwa. Ndati wabwino. Msuweni wanga anasiya Honda Fit kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu, ndipo anamuthirira ATF, mafuta wamba a giyabokosi ya otomatiki, m'giyabokosi ya mtundu wa CVT imene imafuna mafuta akeake. Sipanatenge nthawi, galimoto inayamba kuterereka magiya, n'kufa. Alipo ena amachotsa sipeya yabwino n'kukuikirani yakutha, ena amangolota matenda n'kumakugulitsani chinthu ichi lero, china mawa. Otere ndiwo aipitsa dzina la anzawo.

Nanga inu mutani?

Galimoto yatsopano ya walanti ipite kwa dila, chifukwa mukaipititsa kwina walanti ikhoza kutha. Ikakhala hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi, ndipo vuto lili ku batire lalikulu, kuja kwa mawaya a olenji, musalole munthu wosaphunzira agwireko, magetsi ake amapha. Koma Sienta yanuyo, funsani oyendetsa matakisi kumene amapita, safunsa anadya phula. Muyeseni makaniko ndi ntchito yaing'ono, oyilo ndi fyuluta. Onani ngati ali ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero kowerengera matenda, ngati akukuuzani mtengo asanayambe, ndiponso ngati akukubwezerani sipeya yakale. Mumufunse mafuta amene athire m'giyabokosi. Akayankha kuti onse ndi amodzi, tengani makiyi anu muzipita. Ndipo tsiku loyambalo mupite limodzi ndi amuna anu, akamve okha mmene makanikoyo akufotokozera.