Ulusi ukuduka, makwinya akuunjikana mbali imodzi: kodi ndigule makina ena?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo yomwe ndaidula motere: "Ndikusokera mwana wanga siketi ya chitenje yokwinya m'chiuno. Ndikamakoka ulusi kuti nsalu ikwinyike, umaduka ndisanafike pakati. Ukapanda kuduka, makwinya amaunjikana mbali imodzi, kwina n'kukhala pululu. Makina anga ndi Butterfly opalasa, alibe zigizagi. Kodi ndisunge ndalama ndigule amagetsi, kapena kaphazi kokwinyira kaja?"

Mayi, ndalama zanuzo musungire zina. Butterfly yanuyo ikukwanira. Pa ntchito imeneyi makina amangoyala ulusi m'nsalu, koma kukwinya kwenikweni ndi kwa zala zanu, ndipo mavuto onse awiri mwatchulawo amayamba musanayambe n'komwe kukoka.

Choyamba, chitenjecho chichapeni. Chatsopano chimakhala chokhuthara ndi mankhwala a kufakitale, ulusi suterereka bwino m'kati mwake. Komanso nsalu ya thonje imabwerera pang'ono ikachapidwa koyamba, ndiye kuli bwino ibwerere musanaidule.

Kenako muyeso. Nsalu yokwinya ikhale kuwirikiza kawiri malo omwe ikasokedwepo. Ngati bandi ya m'chiuno mwa mwanayo ndi masentimita 60, nsalu ya siketi ikhale 120, kuonjezapo ya misoko. Ena amatenga chitenje chonse cha mamita 2 n'kuchikakamiza kulowa m'chiuno cha mwana wa sitandade 3, kenako n'kumadabwa kuti ulusi ukudukiranji. Kuwirikiza katatu kumakhala bwino pa nsalu zopepuka kwambiri ngati shifoni. Chitenje mukachiwirikiza choncho, chiuno chimatupa ndipo singano imavutika kuboola. Mukafuna makwinya apatalipatali, kamodzi ndi theka kakwana.

Tsopano tibwere pa makina. Talikitsani masitichi mpaka pomaliza penipeni. Apa chenjerani ndi manambala: pa makina atsopano nambala imawerenga mamilimita, ndiye 4 kapena 5 ndiye sitichi yaitali, koma pa makina akale a Singer nambala imawerenga masitichi pa inchi imodzi, ndiye 6 ndiye yaitali ndipo 30 ndi yaifupi zedi. Ngati manambala anafufutika, yesani pa kansalu kotsala muone. Mukatero masulani pang'ono tenshoni, kutanthauza kakungidwe, ya ulusi wapamwamba. Chifukwa chake n'chakuti ulusi wapamwamba ukakhala wolobodoka umakokedwera kunsi kwa nsalu, wa m'bobini n'kungogona chowongoka m'timagoli ta mnzakewo, ngati chingwe cha m'kabudula. Ulusi wogona chowongokawo ndi womwe mudzakoke. Zomangira za pa shatulo, momwe mumakhala bobini, musazikhudze.

M'bobinimo ikani ulusi wa polyester wolimba, wa mtundu wosiyana ndi wapamwamba. Ulusi wa thonje womwe wakhalitsa m'kabati ndiwo umaduka msanga. Ukokeni ndi manja, ukaduka mosavuta utayeni. Kusiyana mitundu kukuthandizani kuti musasokoneze woti mukoke, ndiponso podzachotsa mudzauona msanga. Singano ya 14 imayenda bwino pa chitenje.

Sokani mizere iwiri, osati umodzi. Apa m'pamene ndimaumirira kwambiri, chifukwa mzere umodzi ndiwo gwero la madandaulo ambiri omwe ndimalandira. Ulusi umodzi umasenza wokha kulemera konse kwa nsalu, ndipo ukaduka mwayambiranso. Komanso makwinya a mzere umodzi amapendekeka, ena kumanja ena kumanzere, ndipo phazi la makina likamadutsa limawagoneka n'kuwasandutsa timapiliti tosalongosoka. Mizere iwiri imawagwira pamwamba ndi pansi, n'kuima chilili ngati mwachita kuwayeza. Ngati msoko wanu weniweni udzakhale masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete, mzere woyamba ukhale pa sentimita 1, wachiwiri pa 2, kuti msoko womaliza udzadutse pakati pawo. Wa pa 2 uja udzaonekera kunja kwa siketi, koma mudzausolola mukamaliza, ndipo timabowo take timatsekeka mukachapa. Nsalu zosunga zipsera za singano, monga satini, mizere yonse iwiri ikhale m'kati mwa masentimita 1.5 aja.

Poyamba ndi pomaliza musabwezere makina m'mbuyo monga tizolowera pomanga msoko. Siyani michira ya ulusi yotalika ngati masentimita 10 mbali zonse. Mizere iwiriyo isakhudzane kapena kudutsana paliponse, chifukwa pamene yakumana pamamangika.

Nachi china chomwe chidzapulumutse ulusi wanu: musasoke mzere umodzi wautali kuzungulira siketi yonse. Kutsogolo kukhale ndi mizere yake, kumbuyo yake, ndipo muziima mukafika pa msoko wam'mbali. Pa msokopo nsalu ndi yopindika kawiri kapena katatu, ulusi sungaterereke pamenepo. Ndikukhulupirira kuti mukaonetsetsa pomwe ulusi wanu umadukira, mupeza kuti ndi pafupi ndi msoko wotere, kapena ndi pamene makwinya anathithikana inu n'kupitiriza kukoka ndi mphamvu.

Za kuunjikana mbali imodzi, mankhwala ake ndi choko ndi mapini. Musanakoke kalikonse, pindani m'mphepete mwa siketi pakati, mupindenso, mulembe malo anayi. Chitani chimodzimodzi pa bandi. Lumikizani chizindikiro ndi chizindikiro chinzake ndi pini, nkhope za nsalu zitayang'anizana. Pa muyeso wathu uja, masentimita 30 a siketi akuyenera kulowa m'masentimita 15 a bandi, gawo lililonse. Tsopano ntchito yachepa: simukulimbananso ndi nsalu yonse, mukungosamala kagawo kamodzi pakati pa mapini awiri, ndipo makwinya alibe kothawira. Pa diresi ya munthu wamkulu kapena pa mpendero wautali, gawani pasanu ndi patatu.

Pokoka, gwirani maulusi awiri a m'bobini pamodzi, wapamwamba muwasiye. Mukakoka wapamwamba kuno wa m'bobini uko, amamangana ndipo sasunthanso. Kunena zoona ulusiwo simuukoka ndi mphamvu. Ulusi mungougwira kuti uwongoke, dzanja linalo lizikankha nsalu pang'onopang'ono kupita pakati. Kwinyani pang'ono, kankhirani makwinyawo kutsogolo, bwererani mudzatenge ena. Theka muchokere kumanja, theka linalo kumanzere. Nsalu ikafanana ndi bandi, bayani pini kumapeto n'kukulunga michira ya ulusi pa piniyo mopingasa ngati nambala 8, kuti isamasuke. Mukatero yalani makwinya ndi chikhadabo kapena nsonga ya pini mpaka afanane, n'kuonjeza mapini moimika, otalikirana zala ziwiri kapena zitatu. Gawo limeneli ndi lodya nthawi, ndipo ndi pamene siketi ya telala wosamala imasiyanira ndi ya wothamangira makasitomala.

Musanasoke msoko weniweni, bwezerani sitichi pa mamilimita 2.5 ndi tenshoni pamalo pake. Anthu amaiwala zimenezi kawirikawiri, siketi n'kudzasomphoka tsiku loyamba kuvala. Mbali yokwinya ikhale pamwamba kuti muziiona. Palasani modekha, manja ali mbali zonse za phazi akuwongola makwinya kuti alowe molunjika, ndipo pini iliyonse muizule singano isanafikepo.

Nanga kaphazi kokwinyira kaja? Kalipodi, ndipo kamalowa pa makina ambiri a mtundu wanu omanga phazi ndi sikuluwu ya pambali. Kamakwinya nsalu pomwe mukusoka. Sitichi ikatalika ndi tenshoni ikalimba, makwinya amachuluka. Koma kamakonda nsalu zopepuka, ndipo sikadziwa kuti chiuno cha mwana wanu ndi 60. Makwinya ake amatuluka atamangika kale, simungawasunthe. N'kabwino kwa munthu wosoka mipendero yaitali ya makatani, mapilo kapena madiresi a operekeza akwati, pomwe mumakwinya nsalu yambiri n'kudula yomwe mukufuna. Palinso chida chachikulupo chotchedwa ruffler, chopinda timapiliti pa sitichi iliyonse kapena modumphitsa. Nachonso n'cha ntchito yochuluka. Pa siketi imodzi sindikuona chifukwa chogulira.

Njira ya zigizagi, yomwe mwina ndiyo yakupangitsani kulakalaka makina amagetsi, ndi yabwinodi pa nsalu zolemera monga jinzi kapena nsalu ya makatani. Mumagoneka kachingwe kolimba, ngati ulusi wolukira, m'mphepete mwa nsalu, n'kusoka zigizagi yaikulu pamwamba pake osakabaya, kenako n'kukoka kachingweko. Sikaduka. Inu amene mulibe zigizagi mutha kuyandikira pamenepo pokulunga m'bobini ulusi wokhuthala wosokera majinzi, kapena posoka ndi manja mizere iwiri ya masitichi ang'onoang'ono ndi ulusi wophatikiza. Agogo athu ankakwinya choncho, ndipo makwinya a manja amaoneka bwino kuposa a makina.

Ngati siketiyo ndi ya mwana amene akukula msanga, ganiziraninso za lasitiki. Mumapinda m'chiuno kupanga kanjira, n'kulowetsamo lasitiki yofupikirapo pang'ono kuposa chiuno chake. Palibe ulusi wokoka, palibe zipi, ndipo chaka chamawa mudzangosintha lasitiki. Koma siketi ya bandi imakhala bwino pathupi, ndiye ngati ndi yovala kutchalitchi kapena kuukwati, pitirizani ndi yomwe mwayamba.

Chomaliza ndi simbi. Sitani kaye m'mphepete mokha mwa msoko, kumtunda kwa masitichi, kuti muphwaphwatike musatupe m'kati mwa bandi, ndipo ngati n'mokhuthala kwambiri duliraniko pang'ono. Makwinya enieniwo musawadinde ndi simbi mopingasa, angafe n'kusanduka mizere yosweka. Yambirani kumunsi kwa siketi, nsonga ya simbi izilowa pakati pa makwinya kukwera chakumtunda, n'kuima musanafike pa msoko. Ngati simbi yanu ndi yamakala, yalani kansalu konyowa pang'ono pamwamba. Mukayesa, munditumizire chithunzi cha m'kati mwa bandi, osati kunja kokha; ngati pali chinanso chofunika kukonza, ndidzachionera m'menemo.