Kodi nthiti za nkhumba za m'paketi ndingadye?

FUNSO: Adokotala anandiuza kuti magazi anga asonyeza matenda a alpha-gal, ndipo ndileke nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi. Koma alamu anga akuti nkhumba siili m'gulu la nyama yofiira, makamaka nthiti za m'paketi za m'supamaketi, poti anazitsuka kale n'kuzipaka zokometsera. Loweruka akufuna tikaotche kwa Mereki, malo otchuka owotchera nyama muno mu Harare. Ndidye? Mayi wa ku Mufakose, Harare.

YANKHO: Ayi mayi, musadye. Alamu anuwo akuona mtundu wa nyama, pomwe thupi lanu likulimbana ndi shuga wina wotchedwa alpha-gal. Shugayu ali m'nyama zimene zimayamwitsa ana, ndiye nkhumba ilimo limodzi ndi ng'ombe, mbuzi, nkhosa, kalulu, ngakhale mbewa zimene ife a kwathu sitifuna kumva kuti zaletsedwa. Kutsuka sikumuchotsa, moto sumupha, pulasitiki ya paketi ndiye ilibe nazo ntchito.

Nthiti n'zoopsa kuposa mnofu chifukwa cha mafuta. Shugayu amalowa m'magazi pamodzi ndi mafuta, pang'onopang'ono, n'chifukwa chake vuto silioneka muli pa mbale. Limabwera patapita maola 2 mpaka 6. Munthu amadya madzulo, n'kudzuka pakati pa usiku thupi lonse lili ziwengo, milomo yatupa, m'mimba mukupotokola, mwinanso akubanika. Mowa umawonjezera ukali wake, ndipo kwa Mereki nyama siyenda yokha popanda botolo. Zam'kati, makamaka impso, n'zoopsa kwambiri.

Musadalirenso zolembedwa pa paketi. Chenjezo la pamenepo kawirikawiri limatchula soya, tirigu, mkaka kapena mtedza. Nyama yeniyeniyo salemba ngati chinthu chowenga. Mwina alamu anamva za nkhumba za GalSafe, zimene boma la America linavomereza mu 2020. Zimenezo anazisintha chibadwa kuti zisakhale ndi shugayu, ndipo si zimene mumaziona m'firiji m'masitolo a muno.

Matendawa amayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa. Gulu la ofufuza la dokotala Thomas Platts-Mills ku University of Virginia, ku America, ndi limene linawafotokoza mu 2009, ndipo ku Eastern Cape, ku South Africa, apezeka mwa anthu ambiri a m'midzi. Ena akakhala zaka osalumidwanso amayamba kupeza bwino, koma zimenezo zidziwike poyezanso magazi, osati poyesa nthiti imodzi. Mukapita ku famu kapena m'tchire valani zotalika, pobwerera mudzisecha thupi lonse.

Kwa Mereki pitani ndithu. Nkhuku, nsomba ndi mazira zilibe vuto. Chachikulu, muwauze amayi owotchawo kuti nkhuku yanu isagone pa waya pamene pangochoka nkhumba. Tengani foyilo yanu aikepo. Soseji ya nkhuku muisamale, chifukwa nthawi zina chikopa chake n'cha matumbo a nkhumba kapena nkhosa. Za mkaka ndi jelatini (wopangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama) mufunse adokotala anu, poti ena zimawawenga, ena ayi, ndipo muwafunsenso za jakisoni wa adrenaline woyenda naye, wodzibaya thupi likawengedwa koopsa. Mukadzamva kubanika, chizungulire kapena kutupa pakhosi, musadikire kuti kuche. Mapiritsi a ziwengo paokha sakwanira pamenepo, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.