Tifunseni za Shuga: Insulini ya Madzulo ndi Kuyeza Pakati pa Usiku

FUNSO: Anandipeza ndi matenda a shuga mwezi watha, ndipo kuchipatala anandiyambitsa insulini yoyera ngati mkaka, mayunitsi 10 nthawi ya 6 koloko madzulo. Koma ndikayeza m'mawa ndisanadye, makina amaonetsa 11 kapena 12. Alamu anga, omwe nawonso amabaya, akuti ndingokweza mpaka 20. Nditero? Bambo wa ku Mchesi, Lilongwe

YANKHO: Ayi bambo, musalumphe choncho. Alamu anuwo thupi lawo ndi lina, ndipo nambala ya m'mawa payokha sikuuzani zomwe zinachitika muli mtulo.

Yambani ndi kuwerenga pabotolo. Ngati palembedwa Insulatard, Protaphane kapena Humulin N, imeneyo ndi NPH, mtundu wa insulini yogwira ntchito pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Ntchito yake si kulimbana ndi nsima ya madzulo ayi. Chiwindi chanu chimathira shuga m'magazi usiku wonse ngakhale musadye kanthu, ndipo insulini imeneyi ndi yoletsa shuga ameneyo kuti asasefukire. Imayamba kugwira pakatha ola limodzi kapena awiri, mphamvu yake imakula kwambiri pakati pa maola 4 ndi 8, kenako imazilala pakati pa maola 12 ndi 18. Werengani nokha: mukabaya 6 koloko madzulo, mphamvu yaikulu ikugwera pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko usiku, ndipo pofika m'mawa yayamba kutha. N'zotheka kuti shuga wanu wa 12 akubwera chifukwa insulini yaphwa msanga. Mukakweza mpaka 20, mutha kugwetsa shuga pakati pa usiku, nthawi yomwe aliyense m'nyumba ali mtulo.

Kuti mudziwe zoona, yezani katatu usiku umodzi: pogona, cha m'ma 2 kapena 3 koloko, ndi podzuka musanadye. Chitani zimenezi mausiku atatu. Sankhani masiku wamba omwe simunamwe mowa, simunagwire ntchito yakalavulagaga madzulo, ndiponso simukudwala. Chakudya chamadzulo chikhale cha masiku onse, ndipo papite maola pafupifupi 4 musanayeze nambala ya pogona. Tcherani alamu pafoni, makina ndi shuga wa tiyi zikhale pafupi ndi pogona. Sambani m'manja ndi kupukuta bwino, chifukwa chala chomwe chagwira mango kapena nzimbe chimanamiza makina.

Nambala zitatuzo ziwerengeni pamodzi. Ngati mwagona pa 8, pakati pa usiku 8, podzuka 7, mlingo uli bwino, chifukwa insulini yamtunduwu ikakhala yokwanira shuga sasuntha kuposa 2 usiku wonse. Mukagona pa 12 n'kudzuka pa 12, insulini ya usiku yagwira ntchito yake ndithu, vuto lili pa mbale ya madzulo kapena pa mankhwala a nthawi ya chakudya. Ambiri amasokonezeka pamenepa n'kumakweza insulini yosalakwa. Mukaona 7, kenako 9, kenako 12, ndiye kuti mlingo ukuchepa. Mukaona 7, 7, kenako 11, shuga akukwera m'bandakucha, nthawi yomwe thupi limatulutsa mahomoni odzutsa munthu, ndipo insulini yanu yafooka kale. Apa madokotala kawirikawiri amasuntha NPH kuti izibayidwa pogona, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mlingo osasintha. Koma mukapeza 4 kapena kutsikirapo pakati pa usiku, musakweze ngakhale yunitsi imodzi, kaya ya m'mawa ikhale 12.

Chenjezo pa nkhani yosuntha nthawi: Mixtard ndi Actraphane nazonso ndi zoyera ngati mkaka, koma muli insulini yofulumira yosakanizidwa. Zimenezo zimabayidwa musanadye basi. Kubaya pogona popanda chakudya ndi ngozi.

Kukweza kumayenda pang'onopang'ono: mayunitsi 2, kenako dikirani masiku 3 muone zotsatira musanakhudzenso. Akuluakulu ambiri timafuna azidzuka pakati pa 4 ndi 7 mmol/L, womwe ndi muyezo wa shuga m'magazi umene tikugwiritsa ntchito pano. Ngati makina anu amaonetsa nambala zazikulu ngati 126 kapena 200, akuwerenga mu mg/dL. Gawani ndi 18, ndiye 126 ndi 7. Popeza mwangoyamba kumene, tengani kabuku ka nambala zanu kukiliniki ya shuga, adokotala kapena anamwino akulembereni malire oti muzikweza nokha mpaka pati. Kwa ana, mayunitsi 2 angakhale ochuluka, choncho makolo asasinthe okha.

FUNSO: Mwana wanga wazaka 17 wayamba insulini posachedwa. Kawiri konse wadzuka usiku zofunda zili chinyowere ndi thukuta, m'mawa mutu ukumupweteka. Tinaganiza malungo koma sanamupeze nawo. Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, zimenezi zikufanana kwambiri ndi kutsika kwa shuga mtulo. Zizindikiro zina ndi kubwebweta, maloto oipa, kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri ndi kudzuka ali wotopa ngati sanagone. Zikachitikanso muyezeni pomwepo. Akapezeka pansi pa 3.9 mmol/L, yomwe ndi 70 mg/dL, sungunulani masipuni a tiyi 4 a shuga m'madzi amwe, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati sanakwere. Akakwera, adye kagawo ka buledi, nthochi kapena mbatata asanagonenso, chifukwa insulini idakali kugwira ntchito m'thupi. Ngati palibe timapepala toyezera, mpatseni shuga basi. Shuga wokwera pang'ono usiku umodzi sapha, wotsika ndiye woopsa.

Akakomoka kapena kuchita ngati khunyu, musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupakeni shuga kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Kutsika kwa usiku kukachitika popanda chifukwa chooneka, mlingo wa insulini ya madzulo umachepetsedwa ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse. Wobaya mayunitsi 20 amachotsa 2 mpaka 4. Musadikire tsiku la kiliniki la mwezi wamawa, pitani kapena imbani mawa lomwe. Funsaninso zomwe anachita madzulo amenewo. Mpira, kulima kapena kupalasa njinga mtunda wautali kumatsitsa shuga patapita maola ambiri, nthawi zambiri ali kale mtulo. Tsiku lotero, akapezeka pansi pa 6 pogona, adyeko kanthu. Chomwe sitilola ndi kusiyiratu insulini chifukwa cha mantha. Wachinyamata wa msinkhu uwu nthawi zambiri amakhala ndi shuga wa mtundu woyamba, womwe thupi limaleka kupanga insulini, ndipo akasiya jakisoni ngakhale tsiku limodzi kapena awiri magazi amadzaza asidi, amayamba kusanza ndi kupuma mwabefu. Ngakhale akudwala osadya, insulini ya usiku imapitirira.

FUNSO: Timapepala toyezera n'todula. Kodi ndizidzuka 3 koloko moyo wanga wonse? Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Ayi. Yezani usiku pamene mwangoyamba, pamene mlingo wasinthidwa, mukadwala, mukamwa mowa, kapena mukagwira ntchito yolemetsa madzulo. Zikakhazikika, nambala ya m'mawa ndi ya pogona zimakwana. Ngati timapepala tatsala tochepa, ndi bwino kuwononga 9 pa mausiku atatu otsatizana kusiyana ndi kuyeza kamodzikamodzi nthawi zosiyana, chifukwa nambala zomwazikana adokotala sangapangepo chiganizo.

FUNSO: Ndimabaya mlingo womwewo, ndimadya zomwezo, koma lero ndidzuka pa 5, mawa pa 13. Chavuta n'chiyani? Mayi wa ku Bangwe, Blantyre

YANKHO: Musanasinthe mlingo, yang'anani botolo ndi khungu. NPH imadikha pansi, ndiye mukaikoka osasakaniza, lero mubaya madzi okhaokha, mawa mubaya yolimba. Pukusani botolo pakati pa zikhatho maulendo 10, litembenuzeni maulendo ena 10 mpaka lonse liyere mofanana, koma osalikhutchumula. Mukaona timibulu tosasungunuka kapena zomatirira m'mbali mwa galasi, litayeni. Kenako papasani pamimba ndi pantchafu. Malo obayidwa mobwerezabwereza amatupa n'kulimba, sapweteka pobaya n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma insulini imalowa m'magazi mosadalirika. Siyani mpata wa kachala kamodzi pakati pa pomwe munabaya dzulo ndi pa lero. Mukachoka pamalo otupa kupita pa khungu labwino, insulini imagwira mwamphamvu kuposa kale, choncho yezani usiku masiku oyambawo.

Kutentha nakonso kumapha insulini. Ngati mulibe firiji, ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Mufiriji musaliike pouma madzi. Botolo lotsegula ligwiritseni ntchito milungu 4, ndipo lembani pa pepala lake tsiku lomwe mwalitsegula.