Za makina a RO ndi madzi amchere a pampopi

Achimwene mwafunsa ngati makina osefera madzi a reverse osmosis (RO) angathandize pa madzi a pampopi wanu ku Nchalo omwe akumveka mchere, eee angathandize ndithu. Kuno kuchigwa vuto lathu ndi lomwelo, madzi a pansi m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ndipo kuwiritsa kapena kuthira Waterguard kumangopha tizilombo basi, mcherewo umatsala momwemo.

RO imakankha madzi mwamphamvu kudutsa mu membuleni ya timabowo tating'onoting'ono zedi moti mchere, fluoride ndi tizilombo zimatsalira kuseri. Koma imafuna puresha, pafupifupi ma bar 3, ndiye ngati mpopi wanu umangodontha masana ngati wanga gulani yokhala ndi pampu, kungoti magetsi akazima nayonso imaima. Chinanso imataya madzi ambiri, pa lita imodzi yakumwa mutha kutaya malita 3 kapena 4, ine ndimatchera ndowa nkumakolopera ndi kuthira kuchimbudzi, koma osathirira masamba ayi chifukwa mchere wonse uja umathera mmenemo.

Mafyuluta omwe madzi amayamba kudutsamo asanafike pa membuleni, ya matope ndi ya makala, muzisintha pakatha miyezi 6, dzinja madzi akamabwera ofiira musadikire mpaka pamenepo. Ya makalayo musaichedwetse chonde, ndi imene imachotsa klorini yemwe amawononga membuleni. Membuleniyo mukaisamala imakhala zaka 2 kapena 3. Mugulenso kamita ka TDS, koyezera kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, muziyeza madzi otuluka, nambala ikayamba kukwera ndiye kuti membuleni yatopa.